Kandege ka Chiwale ndi Mbendera ya Kumchira

Tsikulo kunacha ndi mwera. Unali mwezi wa Julaye, ndipo mphepo inkabwera yozizira, itanyamula fumbi la m'minda yokololedwa kale. Nyanja inkamveka mpaka kunyumba kwanga ngati malole odutsana patali osatha. Lata limodzi la khitchini, pamene panazuka msomali, linkagogoda. Kutsidya kwa msewu, pabwalo la sukulu, amayi anali atayamba kale kuyeserera nyimbo, ng'oma ikugunda n'kuleka, ndipo wina ankayesa chimkuzamawu, kuuzira ndi kuwerenga mpaka katatu. Chingwe cha mbendera chinkamenya mlongoti wake wachitsulo. Ndinaima pakhomo ndi kapu ya tiyi, ndikuyang'ana mmene migwalangwa inkaweramira, ndipo ndinadziwa kuti silinali tsiku loulutsa kanthu kakang'ono.

Ndiyambe ndi kufotokoza kuti kanthuko kanali chiyani.

Ine ndinali kalipentala pa hotela ina ya ku Nkopola. Kwathu ndi ku Ntcheu, kuno ndinabwera ndi ntchito. Ndinkakonza zitseko, mipando ya pakhonde ndi maboti a alendo akathyoka thabwa. Zaka zimenezo, amuna angapo a ku Blantyre amene anali ndi nyumba zopumulirako ku Nkhudzi ankakumana pa dambo lina louma Loweruka lomaliza la mwezi, kudzaulutsa ndege zawo zoseweretsa. Zinali zopanda injini, mapiko ake otalika kuposa bedi. Ankazikoka ndi chingwe cha mphira, ngati legeni yaikulu, ndipo ndege ikafika pamwamba chingwe chinkagwa chokha. Mwini wake ankatsala pansi ndi kabokosi ka wailesi kokhala ndi timitengo tiwiri, kena kokhotetsera, kena kokwezera ndi kutsitsira mutu. Wopambana anali amene ndege yake yakhalitsa m'mwamba n'kudzatera pafupi ndi mphasa imene ankaiyala pakati pa dambo.

Mmodzi wa iwo, mzungu wachikulire wokonza makina, anandibweretsera phiko lothyoka kuti ndilumikize. Ndinalumikiza, ndipo anabweretsa lina. Kenako anayamba kunditenga kudamboko, n'kundiphunzitsa kugwira timitengo tija. Pamene ankabwerera kwawo anandisiyira kabokosi ka wailesi, timakina tiwiri tokhala m'mimba mwa ndege, ndi pepala lojambulapo mapiko. Anati ndege alibe yondisiyira, koma ine ndine mmisiri.

Mtengo wopepuka umene iwo ankaitanitsa kunja ine ndinalibe. Amene anandithandiza ndi mnansi wanga, Msilamu wa komweko, mwini ukonde wa usipa, munthu wodziwa mphepo kuposa aliyense amene ndinakumana naye. Anandipeza ndikupala thabwa la mkungudza mpaka kutsala ngati pepala, n'kuseka. Iye ankanditchula kuti Fundi, kutanthauza mmisiri.

"A Fundi, mukuvutikiranji? Chiwale chadzaza kumtsinje uku. Ana amapangira magalimoto, inu pangirani ndege."

Ananena zoona. Mtima wa chiwale chouma ndi wopepuka, ndipo umadulika bwino ndi lezala. Nthiti za phiko ndinasema za chiwale, msana wa phiko ndinaika nsungwi yopala. Mphira ndinalumikiza ya machubu a galimoto, chingwe ndinatenga twayini wa asodzi. Koma chiwale sichipirira utali. Ndikapanga phiko lalitali ngati la anzanga aja linkapindika, choncho ndinalidula mpaka kutsala lalifupi kuposa manja anga otambasula. Kunena zoona, chifukwa china chinali chakuti ndinkayenera kukanyamula pa njinga.

Chovuta chinali chokutira mapiko. Pepala linkang'ambika, chitenje chinkalemera. Apa ndi pamene analowerapo mayi a kunyumba kwanga, amene anali telala. Poyamba ankangondiseka.

"Abambo, anzanu akufolera nyumba ndi malata, inu mukumanga mbalame."

Koma tsiku lina anatenga ambulera wothyoka amene mlendo anamutaya kuhotela, anamasula nsalu yake, naiyang'ana pa dzuwa. Anatolera maambulera anayi, awiri akuda, mmodzi wobiriwira, mmodzi wamaluwa. Analumikiza zidutswazo ndi msoko woonda kwambiri, kenako anasokerera nsaluyo pa nthiti iliyonse ndi manja, kamfundo kamodzikamodzi, osalola kuti pakhale khwinya. Zinawatengera masabata atatu, madzulo aliwonse akaweruka pa makina. Phiko lamanja linatuluka lakuda, lamanzere lobiriwira ndi maluwa kunsonga. Iwo anati nkwabwino, ndidzadziwa kumene kakhotera kakakhala patali. Ndipo zinalidi choncho.

Pali chinthu chimodzi chimene mzungu uja anandiphunzitsa mobwerezabwereza. Usanaulutse, ika zala ziwiri pansi pa mapiko, pamalo oyenera, n'kukanyamula. Kakhazikike, mphuno itaweramira pansi pang'ono chabe. Kakapendekera kumchira, usayese, chifukwa kadzaimika mutu, kutaya liwiro, n'kugwa, ndipo wailesi singathandize. Pa ndege yaikulu kulemera pang'ono sikuoneka. Pa kakang'ono ngati kanga, ngakhale batani la malaya loikidwa kumchira linkasintha zinthu. Kumphuno ndinaika kamtovu ka pa ukonde kamene anandipatsa mnansi wanga, ndipo ndinkakapala ndi mpeni pang'onopang'ono, mayi atanyamula kandegeko pa zala zawo, mpaka anati, "Basi, kagona."

Tsiku loyamba kudambo anandilandira mwaulemu, koma ndinkaona kuti akubisa kuseka. Ndege zawo zinali zonyezimira, kanga kanali ka nsalu za ambulera. Ndipo pa zinthu zina ankandiposadi. Kukakhala mphepo yamphamvu zawo zinkaboola n'kupita patsogolo, kanga kankangobwezedwa ngati tsamba. Zawo zinkaoneka ngakhale zili kutali, kanga kakatalikira kankasanduka kadontho. Koma mu Okutobala, mphepo itagona, nthaka ikutentha, zinthu zinatembenuka. Mpweya wotentha umakwera kuchokera pa matanthwe ndi pa mchenga, ndipo nthawi zambiri umakwera mopapatiza, ngati utsi wa moto umodzi. Ndege yaikulu pozungulira imatenga malo aakulu, imalowa mu mpweyawo n'kutulukanso. Kanga kankazungulira pamalo aang'ono, osatulukamo. Mnansi wanga anandiuza kuti ndizingoyang'ana akabawi, kumene akuzungulira osakupiza mapiko ndikatumize komweko. Ndinatero. Anzanga onse anali atatera, atakhala pa mipando yawo, kanga kakadali m'mwamba pamodzi ndi akabawi atatu.

Zinachitika kangapo, mpaka anayamba kukangana. Wina anati tating'ono tizipikisana patokha. Wina anati ayi, mpikisano ndi umodzi, aliyense asankhe kukula kumene akufuna. Wina anabwera ndi sikelo kudzakayeza, nabwereranso mwezi wotsatira atadula mapiko a ndege yake. Mayi anapita nane kamodzi kokha. Anakhala pansi pa mtengo mpaka mkazi wa mmodzi wa aja anawafunsa ngati akusangalala. Iwo analoza m'mwamba nati, "Kamene katsala kokhako ndasoka ndine."

Anamwalira dzinja lotsatira, atadwala masabata asanu ndi limodzi. Zovala zawo abale anagawana monga mwa mwambo, makina osokera anapita kwa mng'ono wawo. Ine chinanditsalira ndi kandegeko. Ndinakapachika pa mtanda wa denga, pamwamba pa tebulo, ndipo ndikamadya ndekha ndinkaona timfundo tawo pa nthiti iliyonse. Ndinkakaulutsa mwa apo ndi apo, nyengo ikakhala yabwino kwambiri, ndipo ndinkakatsitsa msanga.

Tsono kunamveka kuti kukubwera nduna kudzatsegula zipinda zatsopano za sukulu. Patatsala masiku anayi, anabwera kwanga anthu awiri. Woyamba anali tcheyamani wa chipani wa nthambi yathu, amenenso anali mkulu wa mpingo mnzanga. Tinkakhala benchi imodzi kutsogolo, ndipo pa maliro a mayi ndi iye amene anatsogolera pemphero la kumanda. Wachiwiri anali mlembi wake, mphunzitsi wa pasukulu pomwepo.

"Mbale wanga," anatero tcheyamani, "nthambi zina zikupereka mbuzi, zina mazira. Ife tikufuna tionetse chimene alibe. Anthu aone kuti pansi pa utsogoleri wanzeru, ngakhale kuno tikupanga ndege."

Ndinawauza kuti uno ndi mwezi wa mwera, ndipo kandegeko sikalimbana ndi mwera. Mphunzitsi anayang'ana kudenga.

"Ndi komweka? Simungapange kokulirapo pofika Loweruka? Alendo angatiseke."

Ndinati ukulu si umene umaulutsa. Tcheyamani anamwetulira, nati dzina langa lalembedwa kale pa ndondomeko, ndipo ndondomeko yapita kale kuboma. Amene anakhalako masiku amenewo akudziwa tanthauzo la mawu otere. Munthu wokana kusangalatsa mlendo wa boma ankafunsidwa kuti mtima wake uli kuti. Ndinavomera. Ndinadziuza kuti ndikakakweza pang'ono, kuzungulira kamodzi, n'kukatsitsa.

Ndi mmene tinafikira pa m'mawa wa mwera uja.

Ndinafika pabwalo nthawi yabwino, ndinakhoma chikhomo cha mphira kumapeto kwa bwalo la mpira, moyang'ana kumene mphepo inkachokera. Ndinayesa kandegeko pa zala, kanagona bwino. Mnansi wanga anabwera atavala mkanjo wake woyera, anayang'ana kumwamba n'kupukusa mutu.

"Lero ngakhale ine bwato sindinatulutse, a Fundi."

Nduna inafika masana. Panali magule, ndakatulo za ana, zolankhula zazitali. Kutatsala pang'ono kuti aitane dzina langa, tcheyamani ndi mphunzitsi anabwera kumene ndinaima. Mphunzitsi anali ndi kambendera ka pa tebulo la ofesi, kansalu kokhala pa waya wokhuthala, ndi baji yachitsulo ya nkhope ya mtsogoleri wa dziko, ija tinkabaya pa jekete.

"Ndege ya dziko lino singauluke yopanda mbendera," anatero. "Ingaoneke ngati yachilendo."

Ndinazitenga m'manja n'kumva kulemera kwake. Ndinati ngati nkofunika, tizimange pakati, pansi pa mapiko, pamene kulemera sikusokoneza.

"Pansi pamimba?" anatero tcheyamani. "Pamene pamakhuza dothi potera? Nkhope ya mtsogoleri?"

Ndinati tsono kumphuno.

"Mphuno ndi imene imayamba kugunda pansi. Mbale wanga, mukuganiza bwino? Malo aulemu ndi apamwamba. Apa." Anagwira chipsepse cha kumchira, chimene chinali chotalika kuposa mbali zonse.

Taonani, iwo sankachita nthabwala. M'maganizo awo zinali zolongosoka. Chithunzi cha mtsogoleri m'sitolo chinkakhala pamwamba pa zonse, koloko kapena kalendala sizinkaloledwa kuchiposa. Lamulo lomwelo analitengera pa kandege. Ndinawafotokozera modekha. Ndinakanyamula pa zala ziwiri, baji ili kumchira, kuti aone okha mmene mchira ukugwera. Anaona. Mphunzitsi anati zimenezo ndi za pansi, m'mwamba mphepo ikanyamula. Munthu wophunzitsa ana athu.

Ndinali ndi mtovu wina m'thumba, ndipo ndinati ndiloleni ndiwonjezere kumphuno, zingotenga mphindi zochepa. Tcheyamani atauona anandigwira dzanja mwamphamvu n'kulitsekera.

"Mtovu? Pamaso pa nduna? Apolisi aja akauona anena kuti ndi chipolopolo. Bwezani m'thumba msanga."

Chimkuzamawu chinaitana dzina langa. Mphunzitsi anali atamanga kale waya uja kumchira ndi ulusi, baji ataibaya pa nsalu ya mayi. Panali mawu amodzi okha amene akanapulumutsa kandegeko: kunena mokweza kuti mbendera ndi baji zichotsedwe. Pa bwalo lonselo panalibe munthu amene akanatha kunena zimenezo, ndipo inenso sindinathe. Ichi ndimachivomereza.

Ndinakoka mphira, ndinapempha mnansi wanga kuti agwire kandegeko ndi kukasiya ndikamuuza. Anandiyang'ana, natchula dzina la Mulungu pansipansi, "Bisimila," n'kukasiya.

Kanakwera mowongoka ngati kakufuna kugona chagada. Ndinakankha kamtengo kutsogolo mpaka kumapeto, koma mutu sunatsike. Chingwe chinagwa msanga. Mwera unakagwira pamimba, kanaima m'mwamba kanthawi, anthu n'kuyamba kuwomba m'manja poyesa kuti ndi luso. Kenako kanagwetsa phiko lamaluwa, kanazungulira kawiri, n'kudzagwa pakati pa bwalo, kutsogolo kwa nsanja ya alendo. Mbendera inathothoka, mphepo inaikokera m'fumbi. Ng'oma zinaleka.

Ndinathamangira pomwepo ndipo ndinaona kuti sikanawonongeke kwambiri. Mphuno inaphwanyika, nsungwi ya phiko limodzi inathyoka pakati. Nsalu inali yonse. Inali ntchito ya sabata imodzi. Ndikunena izi kuti zimveke bwino: kugwa sikunawononge kandege kanga.

Ndisanakatole, anyamata a chipani anali atandizungulira. Nduna inali itaimirira, ikulankhula ndi wapolisi. Ndinamva mawu a tcheyamani, okweza, mawu a munthu amene akufuna kuti amveke kunsanja.

"Ife sitimadziwa za mkati mwake. Fufuzani mkatimo. Mwina muli kamera."

Anatulutsa mipeni. Anang'amba nsalu kuchokera kunsonga mpaka pakati, phiko lakuda, kenako lobiriwira, akudula timfundo tija ngati akutumbula nsomba. Ndinawauza kuti aloze phiko ku dzuwa, mkati monse muoneka, palibe chifukwa chong'ambira. Mmodzi anandimenya pakamwa. Atapeza kuti mulibe kanthu koma chiwale, anachotsa timakina tija, zotsalazo anaziponda, kenako anakaziponya pa moto umene amayi ankaphikira alendo kuseri kwa sukulu.

Ananditengera ku Mangochi pa galimoto ya polisi. Ndinakhala m'chitolokosi masiku khumi ndi asanu ndi awiri. Za mmenemo sindilemba zambiri, ena anaona zoposa zanga. Pa tsiku lachitatu anandiwerengera kalata imene tcheyamani ndi mlembi wake anasaina. Inati mbendera ndinamanga ndekha, iwo atandiletsa. Inati ndinaigwetsa dala pofuna kunyoza. Inatinso anthu akhala akundiona pa zitunda ndi wailesi ya mlongoti wautali, nditaloza kum'mawa. Nthawi imeneyo nkhondo inali mkati ku Mozambiki, ndipo malire sali kutali ndi kwathu kuno. Kulemba mawu amenewo kunali kukumba dzenje loti munthu asatulukemo, ndipo iwo ankadziwa.

Anandipulumutsa ndi wapolisi wina wachikulire, wa maso otopa, amene ankadziwa za mawailesi. Anatsegula kabokosi kaja, anaikamo mabatire, nandiuza kuti ndigwedeze timitengo. Anatuma mnzake kuti ayende ndi timakina tija kulowera kumsika. Asanafike n'komwe pa mlatho, timakinato tinaleka kugwedezeka.

"Ndi imeneyi mumalankhulira ndi a kunja?" anandifunsa. "Ilibe ndi polankhulira pomwe."

Ndinati inde bwana, ilibe.

"Nanga mbendera anamanga ndani?"

Sindinatchule dzina la munthu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analemba zimene analemba. Wailesi sanandibwezere. Nditatuluka ndinapeza kuti kuhotela alemba kale kalipentala wina.

Amene anandichingamira pa chipata anali mnansi wanga. Pa masiku onsewo ndi iye amene ankabweretsa chakudya, pamene a mpingo wanga ankaopa ngakhale kutchula dzina langa m'pemphero. Tili pa njinga, anatulutsa m'thumba la mkanjo kansalu kakang'ono ngati chikhatho, kobiriwira ndi maluwa, kopserera m'mbali. Anati anakatola mphepo itakaulutsa pamoto. Panali timfundo tisanu ndi tiwiri, nthiti ya chiwale ikadali pomwepo.

Ine si munthu wofulumira kuweruza. Ndayesa kwa zaka zambiri kuima pamene anaima tcheyamani. Anali ndi ana asanu ndi atatu. Mbendera inagwa m'fumbi pamaso pa nduna, ndipo wina ankayenera kulipira ndi thupi lake. Mantha ndimawadziwa, inenso ndinakhala chete pamene ndinkayenera kulankhula. Za kalata ija, ngakhale inali yabodza, ndinkatha kuona kumene inachokera. Koma mipeni ija sinali yofunika. Iye ankadziwa kuti mulibe kamera. Anakaona kandegeko kakumangidwa pa tebulo langa, anamwa tiyi m'nyumba mwanga mayi akusoka phiko lomwelo, anawayamikira ndi pakamwa pake. Anasankha chinthu chokhacho chimene ndinali nacho, n'kuchipereka kuti anthu ayang'ane kwina.

Ndinabwerera kutchalitchi, koma ndinachoka pa benchi ya kutsogolo. Pa Mgonero mbale ikafika ndinkaipatsira mnzanga osatenga. Abusa anandifunsa, ndinawauza kuti ndili ndi kanthu ndi mbale wanga ndipo sindingadye monama. Anati tikhale pansi tonse atatu. Tcheyamani anakana, anati nkhaniyo ndi ya boma, si ya mpingo. Tsiku lina tinakumana pa chigayo, ananditambasulira dzanja nati, "Ndi nthawi yake, mbale wanga, tonse timangotsatira." Ndinamupatsa moni, koma mawu amenewo anandipweteka kuposa kumenyedwa kuja. Mphunzitsi yekha ankawoloka msewu akandiona.

Zinakhala choncho zaka zitatu. Ndinatsegula kashedi kanga pafupi ndi msewu, ndikupanga mipando, mafelemu a mawindo ndi mabokosi a maliro. Kudambo sindinapitekonso. Pemphero la Ambuye ndinkalinena tsiku lililonse, koma pa mzere uja wonena za kukhululukira ndinkatseka pakamwa, chifukwa sindinkafuna kupempha Mulungu kuti andichitire monga ine ndinkachitira anzanga.

M'mawa wina wa mwezi wa Febuluwale, ndikunola randa yopalira matabwa, ndinaona anthu awiri ataima panja pa shedi. Anali iwo. Tcheyamani anali asanapese, malaya atamanga mabatani molakwika. Mphunzitsi ndi amene analankhula. Anati mayi a kunyumba kwa tcheyamani atisiya m'bandakucha, ndipo kalipentala wina wa m'deralo wapita kwawo. Mwambo ndi wakuti mwini maliro amakhala pa siwa, amatuma anthu. Iye anabwera yekha, ndi kachingwe koyezera m'manja.

Ndinawakhazika pa benchi. Ndinasankha matabwa abwino amene ndinali nawo. Mphunzitsi anavula jekete n'kumandigwirira thabwa ndikamacheka. Bokosi litatha, ndinayamba kukuta mkati ndi nsalu yoyera, ndikuikoka kuti pasakhale khwinya, monga ndinaonera kwa mayi. Tcheyamani ankayang'ana manja anga.

"Dzulo anachapa zovala," anatero. "Zikadali pa chingwe. Alamu anga akufuna kuzianula, ine ndawakaniza. Sindikudziwa chifukwa chake."

Ndinati ndikudziwa.

Kenako anati, "Nsalu ija ya pa mapiko."

Ndinadikira. Sanamalize. Anayang'ana pansi pa zopalapala za matabwa. Sanapepese tsiku limenelo, sanapepesenso tsiku lina lililonse. Mphunzitsi anapukuta maso ndi mkono wa malaya, nati fumbi la matabwa lamulowa.

Tinanyamula bokosilo atatu mpaka kusiwa, ine kutsogolo. Zovala zinalidi pa chingwe, chitenje ndi mpango, zikugwedezeka. Ndinauza alamu aja kuti azisiye kaye, mwini wake adzanula yekha akafuna.

Sindikunena kuti zimene anachita zinachepa. Kandege kaja kanali kopangidwa bwino, kanaposa ndege zogula kunja, ndipo kakanakhalapo mpaka lero pakanapanda anthu awiri amene anaopa kumva zimene zala ziwiri zinkawaonetsa. Anandinamizira, anaononga ntchito ya manja a mkazi wanga popanda chifukwa, ndipo anapitiriza kukhala pa benchi ya kutsogolo. Zonsezi ndi zoona ndipo sindizifafaniza. Kansalu kobiriwira kaja kali m'Baibulo langa.

Koma pa Mgonero wotsatira, mbale itafika, amene anainyamula anali tcheyamani. Ndinatenga mkate. Madzulo ake ndinanena Pemphero la Ambuye lonse, osadumpha mzere.

Ndinawakhululukira.